KUSANKHA KAMERA YAING'ONO YA PAMUDZI

Mawu amene analankhulidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a ku Chileka ndi ku Lirangwe

Madzulo ano sindikamba za mbewu kapena za dibi la ng'ombe ayi. Ndifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, ndiko kamera yotolera zithunzi, ya mtundu uja wosafuna filimu.

Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Muli kunena kuti, "Ife tili kuganiza za mvula ndi feteleza, iye ali kunena za zithunzi!" Dekhani pang'ono. Ino ndi nyengo imene ambiri mwagulitsa nandolo, ena mbuzi, ndipo m'thumba muli kangachepe. Ena muli ndi ana ku Johannesburg amene afunsa kuti, "Tikutumizireni chiyani?" Makalabu ena a alimi ndi makomiti a m'midzi afuna kukhala ndi kamera ya gulu. Ndalama imene munakhetsera thukuta chaka chathunthu ingathe kutha m'kamphindi pa benchi la wogulitsa. Chifukwa chake tcherani khutu.

Mwa zonse zimene ndinene, gwirani ichi. Kamera yabwino kwa munthu wa pamudzi si yonyezimira, kapena yolembedwa nambala yaikulu ayi. Ndi imene idzakhala ili kugwirabe ntchito chaka chamawa, m'mudzi wa fumbi ndi wopanda magetsi.

CHITHUNZI NDI MBONI

Tiyambe ndi funso ili: kodi chithunzi chili ndi ntchito yanji kwa mlimi ndi kwa mfumu?

Mukumbukira kuti m'dzinja la 2016 kulowa 2017 inafika m'dziko muno mbozi yachilendo ya ntchemberezandonda, imene kwawo ndi ku America. Inaononga chimanga kwambiri, kotero kuti mu Disembala 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Tsono mlimi akapita kwa mlangizi nati, "Chimanga changa chili kudyedwa," mlangizi afunsa kuti, "Ndi chiyani? Kapuchi kapena ntchemberezandonda?" Mbozi yachilendoyi ili ndi chizindikiro pamutu chonga lembo Y lozondoka, ndi madontho anayi akuda cha kumchira, oima ngati ngodya zinayi za nyumba. Chithunzi chabwino chionetsa zimenezi. Inde, mbozi mungathe kuinyamula m'kabotolo, koma munda wonse simungausenze kupita nawo ku ofesi. Chithunzi chisenza munda.

Ganizaninso za ziweto. Mbuzi yanu ikabedwa, mukaipeza pa msika wa Lunzu, mudzati chiyani? "Yanga ndi yakuda ya mawanga oyera." Mbuzi zakuda za mawanga oyera zilipo zambirimbiri. Koma mukatulutsa chithunzi cha mbuziyo, mbali yamanja ndi yamanzere, inu mwini muli chiimire pambali pake pa khola lanu, apolisi ndi mfumu ali ndi poyambira.

Inu mafumu mudziwa bwino kuti milandu imene ichuluka pa bwalo ndi ya malire. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika makomiti a malo m'midzi, otsogozedwa ndi a gulupu. Mukatha kuweruza malire, imikani eni minda onse awiri pamodzi ndi mboni pa malirepo, muwajambule pooneka chinthu chosasuntha, monga mwala waukulu, mtengo wa mlambe, chulu, kapena phiri kumbuyo kwawo. Chithunzi si chikalata cha malo, ndipo sichilowa m'malo mwa mboni kapena chigamulo chanu. Koma mboni zimwalira, zina ziiwala, zina zisintha mawu. Chithunzi sichisintha mawu.

Chotsiriza ndi cha pabanja. Tengani ndalama ya pepala imene ili ndi nkhope ya John Chilembwe, muiyang'ane. Iye anafa mu 1915, ndipo palibe wamoyo lero amene anamuona ndi maso. Tidziwa nkhope yake chifukwa anajambulidwa ali moyo ndipo zithunzizo zinasungidwa. Nanga agogo a m'mudzi mwanu, amene adziwa mbiri ya mudzi ndi ya ufumu? Zidzukulu zidzawadziwa bwanji?

CHIFUKWA CHAKE MUYENERA KUCHENJERA

Kamera yoyamba yosafuna filimu inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America. Inali yolemera mapaundi 8, ndipo inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi chopanda mitundu. Patapita zaka makamera otere anachepa msinkhu ndi mtengo, mpaka m'chaka cha 2010 makampani aakulu anatulutsa makamera oposa 120 miliyoni. Kenaka anabwera mafoni ojambula, ndipo anthu analeka kugula makamera. Mu 2023 makampani omwewo anatulutsa osakwana 8 miliyoni.

Ndanena izi kuti mudziwe chinthu chimodzi. Makamera aang'ono atsopano ndi osowa ndiponso okwera mtengo. Ambiri amene mudzawaona ku Blantyre, ku Limbe kapena m'manja mwa obwera kuchokera ku South Africa ndi akale, ena a zaka 10, ena a zaka 15 kapena kuposa. Maina ake ndi abwino ndithu: Canon, Nikon, Sony, Panasonic, Fujifilm, Olympus. Kamera yakale ingathe kukutumikirani bwino, monga njinga yakale yosamalidwa. Koma kugula chakale kufuna maso. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

KODI FONI SIKWANA?

Ndikuuzeni zoona. Ngati muli ndi foni yaikulu yojambula zithunzi zooneka bwino, ndipo mufuna kungojambula ana ndi munda nthawi zina, musagule kamera. Sungani ndalamayo, mugule mbewu. Foni iposanso kamera pa chinthu chimodzi: itumiza chithunzi kwa mlangizi nthawi yomweyo, pamene kamera ifuna kuti muinyamule kapena musamutse zithunzi poyamba.

Koma ambiri a ife tili ndi mafoni aang'ono a mabatani, amene chithunzi chake chioneka ngati chajambulidwa m'chifunga. Ndiponso foni ndi ya munthu mmodzi. Ipita naye ku ganyu, itha moto ndi nyimbo, ibedwa, igulitsidwa pa nthawi ya njala, ndipo zithunzi za malire a mudzi zipita nayo. Kamera ya kalabu kapena ya mudzi ikhala pa malo amodzi ndi ntchito imodzi. Ngati ndi yotero imene mufuna, sonkhani pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tsopano nazi zimene muyenera kuyang'ana.

CHOYAMBA: MOTO

Musanafunse china chilichonse, funsani kuti, "Idya moto wanji?" Nthambo zamagetsi a ku Nkula zidutsa pamwamba pa minda yathu, koma nyumba zambiri za m'midzi zilibe magetsi. Kamera yopanda moto ndi chitsulo chabe.

Ilipo mitundu iwiri. Makamera ena adya mabatire aang'ono obulungira olembedwa AA, onga a tochi yaing'ono. Ubwino wake ndi wakuti mabatire amenewa apezeka paliponse. Koma chenjerani: mabatire otchipa a m'kagolosale atha mutangojambula zithunzi zowerengeka. Gulani otchajidwa, olembedwa NiMH, anayi pamodzi ndi tchaja yake, kuti awiri akhale m'kamera, awiri m'thumba.

Makamera ena ali ndi batire lawolawo laphwatalala. Ili likhalitsa moto, koma mtundu uliwonse wa kamera uli ndi lake, ndipo likafa simudzalipeza pa Lirangwe kapena pa Chileka. Litulutseni, muliike pa thebulo. Ngati latupa pamimba kapena livuta kutuluka, lafa, ndipo ndi loopsa. Funsaninso tchaja yake. Wogulitsa akati, "Tchaja mukaipeza m'tauni," musalipire. Yabwino koposa ndi kamera yotchajidwa ndi kanthambo ka USB konga ka foni, pakuti imeneyo mungaitchaje pa sola ya kunyumba kapena kumene mutchajitsa mafoni. Inu amene muli kuitanitsa kwa ana a ku South Africa, akumbutseni kuti mapulagi a kumeneko ali ndi mano obulungira, pamene athu ali ndi mano atatu a ngodya.

CHACHIWIRI: KHADI LOSUNGIRA ZITHUNZI

Kamera yotere isunga zithunzi pa kakhadi kakang'ono kamene anyamata akatcha memori. Khadi ili ndilo nkhokwe ya kamera. Pano ine mwini ndinapusitsidwapo. Chaka china ndinagula kamera yokongola kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu m'tauni. Anaiyatsa, inayaka, ine n'kulipira. Nditafika kwathu ndinapeza kuti ifuna khadi la mtundu wa xD, umene unaleka kupangidwa kalekale. Ndinayenda sitolo ndi sitolo osalipeza. Kamerayo ili m'bokosi kufikira lero. Safunsa anadya phula.

Tsekulani kachitseko, muwerenge zimene zalembedwapo. Funani kamera yolandira khadi la SD. Makamera akale a Olympus ndi Fujifilm ankafuna xD, akale a Sony ankafuna Memory Stick, ndipo makhadi amenewa ndi ovuta kupeza. Ngakhale pa SD pali msampha. Kamera yakale kwambiri ilandira khadi losapitirira 2 GB, nikana makhadi aakulu a masiku ano olembedwa SDHC. Chotero gulani khadi lanu la 8 GB, mupite nalo, muliyese m'kamera pamaso pa wogulitsa. Khadi limeneli lisunga zithunzi zoposa 1,000, ndipo likukwanirani.

CHACHITATU: DISO LA KAMERA

Mukayatsa kamera, diso lake lituluka kunja, ndipo mukazimitsa libwerera m'kati. Apa ndi pamene makamera aang'ono ambiri afera, chifukwa mchenga ndi fumbi zilowa m'timagiya take. Inu mudziwa fumbi la Okutobala kwathu kuno. Yatsani ndi kuzimitsa kasanu, khutu lili pafupi. Diso lizituluka mosalala ndi mowongoka. Mukamva kukukuta, kapena likaima panjira, isiyeni. Kukonza diso kudya ndalama zoposa mtengo wa kamera yakale.

Pa kamera palembedwa za zoom, ndiko kukokera chinthu chakutali pafupi. Mitundu yake ndi iwiri. Optical zoom ndiyo yeniyeni, pakuti magalasi enieni asuntha. Digital zoom ingokulitsa pakati pa chithunzi, monga kukoka nsalu yaing'ono kuti ikwane thebulo lalikulu, ndipo chithunzi chituluka chosaoneka bwino. Werengani nambala ya optical yokha. Ya 3x, 4x kapena 5x ikwana ntchito za pamudzi. Ikakula kwambiri, dzanja likanjenjemera pang'ono chithunzi chionongeka.

Alipo makamera ena olimba, monga Olympus Tough ndi Fujifilm XP, amene diso lake silituluka kunja, ndipo saopa fumbi kapena mvula. Ndi okwererapo mtengo, koma kwa kamera ya gulu yodutsa m'manja ambiri, ndiwo oyenera.

CHACHINAYI: MUSANYENGEDWE NDI NAMBALA

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Bwana, iyi ndi ya 20 megapixel!" Megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni timene tipanga chithunzi. Tsono mverani. Chithunzi cha masiku onse, cha mainchesi 4 ndi 6, chifuna ma megapixel awiri okha ndi pang'ono. Chachikulu ngati pepala la kalata ya ku ofesi chifuna 8 kapena 9. Kotero kamera ya 8, ya 10 kapena ya 12 ikukwanirani kotheratu.

M'kati mwa kamera yaing'ono, kachipangizo kolandira kuwala ndi kakang'ono ngati njere ya nandolo. Kuthithikiza timadontho 20 miliyoni pa kamalo kotero kuli ngati kubzala chimanga chambiri pa phando limodzi. Mapesi achuluka, koma zisononkho sizikula. Musaonjezere ndalama chifukwa cha nambala.

Chimene mlimi ayenera kufuna ndi kachizindikiro ka duwa pa batani lina la kumbuyo. Mukadina pamenepo kamera ijambula zinthu zapafupi kwambiri, monga mbozi, tsamba lodwala, bala la chiweto, kapena lisiti. Kwa inu kaduwa kameneka kaposa nambala zonse.

CHACHISANU: YESANI MUSANALIPIRE

Palibe agula ng'ombe ili m'khola usiku. Pitani masana, ndipo tengani munthu wodziwa, kapena mphunzitsi kapena mwana wa sukulu yasekondale. Jambulani nyuzipepala, muone ngati malembo awerengeka kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Jambulani khoma loyera kapena thambo, muone ngati pali madontho akuda, pakuti amenewo ndi fumbi la m'kati limene simungalipukute. Yesani fulashi. Tulukani padzuwa, muone ngati galasi la kumbuyo lionetsa chithunzi. Onaninso ngati mawu a m'kamera ali m'Chingerezi, chifukwa ena abwera ndi chilankhulo chimene palibe angachiwerenge pamudzi.

Potsiriza, pemphani lisiti lolembedwa dzina la wogulitsa ndi nambala imene ili kunsi kwa kamera. Munthu wokana kulemba lisiti, kapena wogulitsa motchipa modabwitsa ndi mofulumira, muopeni. Kusunga katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mfumu kapena mlembi wa kalabu sayenera kupezeka m'zoterezi.

MUKAFIKA NAYO KUMUDZI

Ntchito yoyamba ndi kuika tsiku, mwezi ndi chaka m'kamera. Kamera ilemba tsiku pa chithunzi chilichonse m'kati mwake. Tsiku likakhala lolakwa, mboni yanu yayamba ndi bodza. Muziliyang'ananso nthawi zonse mukasintha mabatire.

Pojambula, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pa nthiti. Dinani batani pang'ono poyamba, mudikire kamera ione bwino, kenaka mutsirize kudina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fulashi ifika mayadi atatu okha, chotero musayese kujambula msonkhano wonse usiku. Pojambula mbozi kapena bala, ikani kamtengo ka machesi pambali kuti woona adziwe kukula kwake.

Isungeni m'kathumba kake, kathumbako m'pulasitiki. Musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto. Musapukute diso lake ndi malaya a kumunda, koma ndi kansalu kofewa koyera. Ngati ikhala mwezi osagwira ntchito, chotsani mabatire, chifukwa akachucha aononga m'kati. Kamera ya gulu ikhale ndi wosunga mmodzi, ndi kabuku kolembamo amene waitenga ndi tsiku lobweza.

Tsopano chinthu chachikulu chimene ambiri aiwala. Chithunzi chimene chili pa khadi lokha sichinasungidwe. Khadi lifa, litayika, ndipo mwana angafafanize zonse ndi chala chimodzi. Zithunzi zofunika, za malire, za ziweto ndi za akuluakulu, katsukitseni pa pepala ku situdiyo. Kumbuyo kwake lembani maina, malo ndi tsiku. Mukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mmene nyumba zinagwera m'boma lino la Blantyre, ndipo mapepala a anthu anapita ndi madzi. Chifukwa chake tsukitsani ziwiriziwiri, zisungidwe m'nyumba ziwiri. Cha malire, chimodzi chikhale kwa mfumu, ndipo mwini munda aliyense akhale ndi chake.

ULEMU

Kamera sichotsa mwambo. Pemphani musanajambule munthu, ndipo mwana wa mwini musamjambule popanda kholo lake. Pa maliro funsani eni mbumba. Za kudambwe ndi za kuchinamwali zili ndi eni ake, ndipo kumadzi kumene amayi asamba si malo a kamera. Inu a ku Chileka, amene mukhala pafupi ndi bwalo la ndege, musaloze kamera ku malo olondedwa ndi apolisi kapena asilikali popanda chilolezo. Mafumu, langizani anyamata anu zimenezi, kuti chida chothetsa milandu chisakhale choyambitsa milandu.

Ndafika kumapeto. Mukaima pamaso pa wogulitsa, funsani mafunso anu motsatana: Idya moto wanji? Ilandira khadi lanji? Diso lake liyenda bwino? Kaduwa kalipo? Lisiti mulemba? Akayankha bwino onse asanu, kambiranani mtengo. Akalephera limodzi, bwezani ndalama m'thumba, mukwere njinga yanu.

Ndipo inu amene mudzagula, ndikupemphani kanthu kamodzi. Chithunzi chanu choyamba chisakhale cha njinga yamoto kapena cha suti yatsopano. Pitani kwa munthu wamkulu koposa onse m'mudzi mwanu, mumpemphe mwaulemu, mumkhazike pa mpando pa kuwala kwa m'mawa, mumjambule. Katsukitseni sabata lomwelo, mulembe dzina lake kumbuyo.